KATSWIRI WA CHEMISTRY NDI UFA WA CINANGWA

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za munthu wina wophunzira kwambiri, dzina lace Dr. Howard Bradbury, wa ku dziko la Australia, amene anabadwa m'caka ca 1927 namwalira m'caka ca 2016. Iye sanali dotolo wa m'cipatala. Anali katswiri wa maphunziro ochedwa chemistry, ndiwo maphunziro ofufuza zimene zinthu zinapangidwa nazo, ndi umo zisandulikira pamene zisanganizidwa, zitenthedwa kapena zinyowa.

Kapena wina alikufunsa mumtima mwace kuti, "Nanga ife tiri naye ciani mzungu wa kutali cotere?" Zifukwa ziripo ziwiri. Coyamba, ambiri a inu mudya nsima ya cinangwa, makamaka inu ocokera ku Luapula, ku Kasama, ku Mongu, ku Congo ndi ku Nkhata Bay, ndipo nchito yaikulu ya munthu uyu inali pa ufa umenewu. Caciwiri, ambiri a inu mulikudzimana kuti ana aphunzire, ndipo mumva za madigiri ndi mayunivesite, koma palibe wokuuzani cimene munthu wa madigiriwo acita tsiku ndi tsiku, ndi phindu limene nchito yace ibweretsa kwa munthu wamba. Mbiri ya Dr. Bradbury iyankha bwino funso limeneli.

SITACHI NCIANI?

Tisanafike pa munthuyo, tiyambe tadziwa cimene ciri mu ufa. Ufa wa cimanga, wa mapira, wa mpunga ndi wa cinangwa usiyana maonekedwe ndi kakomedwe, koma mbali yaikulu ya ufa uli wonse ndi cinthu cimodzi cimene akatswiri acicha sitachi. Ndi yemweyo amene ocapa zobvala aumitsira malaya asanasite. Mu ufa wouma wa cinangwa, sitachi afika ngati magawo 8 mwa magawo 10.

Mukayang'ana sitachi pa galasi lokulitsa zinthu, muona timibulu tating'ono toyera. M'kati mwa kambulu kali konse muli maunyolo ambirimbiri osaoneka ndi maso, ndipo mfundo iri yonse ya unyolowo ndi shuga wa mtundu wochedwa glucose. Maunyolowo ali a mitundu iwiri. Wina ndi wautali wopanda nthambi, dzina lace amylose. Wina uli ndi nthambi zambiri monga citsamba, dzina lace amylopectin. Katswiri wina wa ku Geneva, Kurt Meyer, ndiye anaonetsa bwino kusiyana kwa mitundu iwiriyi m'caka ca 1940.

Amai ophika adziwa khalidwe la sitachi ndi manja ao. M'madzi ozizira ufa ungokhala pansi. Koma madzi akatentha kufika pa madigiri 60 kapena 70, timibulu tija timwa madzi ndi kutupa, maunyolo atuluka nakolanakolana, ndipo phala lilimba. Cimanga ciri ndi amylose wambiri, ngati gawo limodzi mwa magawo 4. Ndico cifukwa cace mkute wa cimanga uuma gwa pofika m'mawa, pakuti maunyolo oongokawo akazizira agwirananso. Cinangwa ciri ndi amylose wocepa, wosafika gawo limodzi mwa magawo 5, cotero nsima yace inanda ndi kutamuka pa mthiko.

Pali cinthu cinanso cimene tiyenera kucidziwa. Inu ophika thobwa mudziwa kuti mukathira cimera m'phala lolimba, phalalo lisungunuka ndi kutsekemera. M'cimera muli kanthu kamene kadula maunyolo a sitachi ndi kuwasandutsa shuga. Akatswiri awiri a ku France, Payen ndi Persoz, anakapatula kanthuko m'cimera ca barele m'caka ca 1833. Zinthu za mtundu umenewu zichedwa enzyme. Enzyme ali ngati mfungulo imene itsegula loko mmodzi yekha: wodula sitachi sadula mafuta, wodula mafuta sadula nyama. Madzi owira amuononga, ndiponso pouma sagwira nchito, angogona kudikira madzi. Sungani mau amenewa, pakuti nkhani yathu yonse yatsamira pamenepa.

MAKWERERO A MAPHUNZIRO

Bradbury anayamba kuphunzira chemistry mu mzinda wa Melbourne kwao ku Australia. Pambuyo pace anaoloka nyanja kunka ku yunivesite ya Birmingham ku England, kumene analandira digiri yochedwa Ph.D. Digiri imeneyi isiyana ndi mayeso amene ana athu alemba ku sukulu. Munthu sailandira cifukwa ca kuloweza zimene ena analemba. Ayenera kufufuza yekha zaka zingapo kufikira atapeza cinthu catsopano cimene cinali cosadziwika, ndi kucikhazikitsa pamaso pa akatswiri omuyesa. Ndipo pamenepo ndi pamene ayamba kuchedwa Dotolo, ngakhale sabaya jekeseni munthu.

Atagwirako nchito ku yunivesite ya Harvard ku America, anabwerera kwao nalowa m'bungwe la boma lofufuza za sayansi, lochedwa CSIRO. Kumeneko anafufuza ubweya wa nkhosa, pakuti masiku amenewo ubweya ndiwo unali cuma cacikulu ca Australia, monga mkuwa uli kwa ife. Ubweya unapangidwa ndi cinthu cochedwa puloteni, cimene ciri m'nyama, m'nsomba, m'mazira ndi m'nyemba, ndipo naconso ndi unyolo wautali, koma wa mfundo za mitundu 20. Enzyme amene tamchula uja nayenso ndi puloteni.

M'caka ca 1961 anakhala mphunzitsi pa Australian National University mu mzinda wa Canberra, ndipo anakwera kufika pa udindo wochedwa Reader, umene uli pansi pang'ono pa wa Professor. Anali mmodzi wa anthu oyamba kufufuza mapuloteni ndi makina ochedwa NMR, amene ali ndi maginito wamphamvu ndipo athandiza munthu kuzindikira kakhalidwe ka tizigawo tosaoneka ta cinthu. M'caka ca 1966 iye ndi katswiri wa ku yunivesite ya Cornell, Harold Scheraga, anasindikiza zimene anapeza pa enzyme wina wochedwa ribonuclease.

Apa ndifotokoze umo mbiri ya munthu wophunzira ikulira pakati pa anzace. Akapeza kanthu, alemba zonse: zimene anatenga, umo anaziyesera, ndi ziwerengero zimene zinatuluka. Zolembazo atumiza ku magazini ya akatswiri. Mkonzi wa magaziniyo azipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu, amene maina ao sauzidwa kwa wolembayo, kuti afunefune zolakwa. Akakhutira, zolembazo zisindikizidwa, ndipo munthu ali yense pa dziko lapansi akhoza kubwereza muyesowo kuti aone ngati ndi zoona. Ulemu wa katswiri sucokera m'zobvala zace kapena m'kukamba kwace, koma m'kucuruka kwa zinthu zimene anapeza zimene anzace anaziyesa nazipeza zoona.

Atafika pakati pa moyo wace, Bradbury anatembenukira ku zakudya za anthu osauka. Anatsogolera nchito yoyesa mbeu za mizu zimene anthu a pa zisumbu za m'nyanja ya Pacific adya: mbatata, zilazi, koko ndi cinangwa. Anayesa sitachi, puloteni, mavitamini ndi zina zomanga thupi m'mbeu iri yonse, ndiponso zinthu zoipa zimene ziri m'menemo. Zonsezi zinasindikizidwa m'buku limene analemba pamodzi ndi W. D. Holloway m'caka ca 1988. Caka comweco anapuma pa nchito ya uphunzitsi, ali ndi zaka 61. Ambiri a ife tikafika pamenepo tiganiza za mpando ndi mthunzi. Iye anasamukira ku mbali ina ya yunivesite yomweyo, ya zomera ndi zinyama, nagwira nchito zaka zina 28 makamaka pa funso limodzi: ciphe ca m'cinangwa.

CIPHE CIMENE CIRI M'CINANGWA

Cinangwa si mbeu ya makolo athu akale lomwe. Kwao ndi ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anacifikitsa ku Africa m'zaka za m'ma 1500. Anthu anacikonda cifukwa cibala ngakhale pa nthaka yoguga, cipirira cilala, ndipo cikhoza kukhala pansi miyezi yambiri kudikira mwini munda. M'zaka za njala capulumutsa anthu osawerengeka.

Koma mbeu imene ikhala pansi nthawi yaitali cotere iyenera kudzichinjiriza kwa nguluwe ndi tizirombo. Cida cace ndi ici. M'kati mwa muzu ndi masamba muli cinthu cowawa cochedwa linamarin, ndiye shuga womangidwa pamodzi ndi ciphe cochedwa cyanide. Mulinso enzyme wochedwa linamarase, amene nchito yace ndi kudula mfundo yomanga ziwirizi. Inu a pa mgodi mudziwa kuti dainamaiti ndi mafyuzi sizisungidwa m'nyumba imodzi. Cinangwa naconso cisunga linamarin m'cipinda cace ndi enzyme m'cipinda cina. Muzu ukatafunidwa, ukasinjidwa kapena ukafewa m'madzi, zipindazo zigumuka, ziwirizo zikomana, ndipo cyanide amasuka.

Dzina limeneli si lacilendo kwa amene anagwirako nchito ku migodi ya golidi ya ku Johannesburg. Kuyambira m'caka ca 1890 cyanide ndiye wakhala wosungunulira golidi m'miyala yopera, ndipo ali yense wogwira naye nchito acenjezedwa kolimba. Ciphe ca m'cinangwa ndi ca mtundu womwewo. Mwai wathu ndi wakuti cikamasuka cikhala mpweya wopepuka umene uuluka msanga, pakuti madzi ace awira pa madigiri 26 cabe, kutentha kumene sikufika ngakhale pa kwa thupi la munthu.

Cinangwa ciri conse ciri ndi linamarin, koma cosawawa ciri naye wocepa, ndipo cowawa ciri naye wambiri. M'caka ca cilala ciphe cicuruka m'mizu. Mabungwe a dziko lonse oyang'anira zakudya ndi umoyo anaika malire akuti ufa wa cinangwa usapitirire mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu imodzi. Ku cigawo ca Nampula ku Mozambique, ufa wa m'caka ca cilala unapezeka wopitirira mamiligalamu 100.

Makolo athu anapeza okha njira yabwino yothana ndi ciphe cimeneci. Kusenda mizu ndi kuiviika m'madzi masiku 3 kufikira 5 mpaka itafewa, ndi kuiyanika pambuyo pace, kucotsa pafupifupi ciphe conse. Koma si konse kumene kuli mitsinje ndi madambo. Kumene madzi asowa, anthu angoduladula mizu ndi kuyanika makaka pa dzuwa. Pamenepo muzu uuma msanga, enzyme agona asanatsirize nchito yace, ndipo gawo limodzi mwa magawo 3 kapena 4 a linamarin litsalira mu ufa. Ndiponso m'nthawi ya njala kapena ya nkhondo, mai amene ana alikumlirira sangadikire masiku 5. Abvuula cinangwa cisanafewe.

Thupi la munthu liri nayo njira yace yodzichinjiriza. Lisanganiza cyanide ndi sulufule, yemweyo amene mumva fungo lace mu utsi wa pa mgodi, ndi kumsandutsa cinthu cina cochedwa thiocyanate cimene cituluka ndi mkodzo. Sulufuleyo thupi limtenga m'puloteni ya m'ndiwo: nsomba, nyama, mazira, nyemba ndi nsawawa. Muzu wa cinangwa uli ndi puloteni yocepa kwambiri, ngati gawo limodzi mwa magawo 100. Cotero munthu wosauka amene alikudya cinangwa cowawa cokhacokha popanda ndiwo zabwino apwetekedwa pawiri: ciphe cimcurukira, ndi cocotsera ciphe cimsowa.

NTHENDA YOMANGA MIYENDO

Ciphe cikalowa cambiri nthawi imodzi, munthu amva cizungulire ndi mutu, asanza, atsegula m'mimba, ndipo nthawi zina afa. Koma cikamalowa tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, ibwera nthenda ina yochedwa konzo. Dzinali ndi la cinenero ca Ayaka a ku Congo, ndipo tanthauzo lace ndi miyendo yomangidwa. Dotolo wina wa ku Italy, Giovanni Trolli, ndiye anayamba kulemba za nthendayi m'caka ca 1938.

Konzo adza modzidzimutsa. Mwana amene dzulo anali kuthamanga adzuka m'mawa miyendo yonse iwiri iri youma. Ayenda ndi zala za kumapazi, maondo akukhudzana, kapena alephereratu kuimirira. Cimene caonongeka ndi mitsempha yotenga mau kucokera ku ubongo kunka ku miyendo, ndipo siibwereranso. Palibe mankhwala ociza konzo. Agwira makamaka ana ndi amai a msinkhu wobala. Si nthenda yopatsirana, ndiponso si ufiti, ngakhale m'midzi yambiri anthu anenezana ndi kudana cifukwa ca iyo.

M'caka ca 1981, nthawi ya cilala, anthu oposa 1,000 anapuwala cotere kumpoto kwa Mozambique. Madotolo amene anafufuza mliriwo, pakati pao Hans Rosling ndi Julie Cliff, anaona kuti gwero lace ndi cinangwa cowawa cosakonzedwa bwino. Nthendayi yapezekanso ku Congo, ku Tanzania, ku Cameroon, ku Central African Republic ndi ku Angola. Kuno kwathu ku Zambia nakonso madotolo anaipeza ku cigawo ca Kumadzulo, nasindikiza zimene anaona m'caka ca 2020.

KAPEPALA KACIKASU

Bvuto loyamba limene Bradbury analimbana nalo ndi la muyeso. Ciphe mu ufa sicioneka, ndipo kale kuciyesa kunafuna makina odula ndi nyumba ya magetsi, zinthu zimene kulibe kumidzi kumene kuli konzo. M'zaka za m'ma 1990 iye ndi anzace anakonza kabokosi kakang'ono koyesera, kamene munthu amene anangotsiriza sukulu ya sekondale akhoza kukagwiritsa nchito.

Kayesedwe kace ndi kotere. Mutenga ufa pang'ono ndithu, mamiligalamu 100, ndi kuuika m'kabotolo. Muikamo kapepala kamene kali ndi enzyme uja, ndi madontho a madzi. Kenaka mulowetsa kapepala kena kacikasu konyikidwa m'mankhwala ochedwa picrate, kosakhudza madziwo, ndi kutseka kabotolo. Usiku wonse enzyme adula linamarin, mpweya wa cyanide ukwera, ndipo kapepala kacikasu kasanduka kofiirira. M'mawa mufanizira mtundu wace ndi mitundu yojambulidwa pa cikalata, ndipo mudziwa kucuruka kwa ciphe. Anakonzanso kabokosi kena koyesera thiocyanate mu mkodzo wa ana a sukulu, kuti adziwe ciphe cimene calowa m'matupi a anthu a m'mudzi. Timabokosi timeneti anali kutitumiza kwaulere kwa anchito a zaumoyo ndi zaulimi m'maiko osauka, koma a m'maiko olemera anali kugula. M'caka ca 2001 anayambitsa gulu lolemberana makalata la onse ofufuza nthenda za ciphe ca cinangwa, kuti wa ku Maputo adziwe zimene wa ku Kinshasa wapeza.

NJIRA YONYOWETSA UFA

Kudziwa kuti ufa uli ndi ciphe sikudyetsa mwana. Mai amene alibe cakudya cina adzaphikabe ufa womwewo. Cinafunika ndi njira yocotsera ciphe mu ufa umene wasinjidwa kale, yosafuna ndalama, makina kapena madzi ambiri. Bradbury anaipeza m'caka ca 2005, ali ndi zaka pafupifupi 78, naisindikiza m'caka ca 2006.

Nzeru yace ndi yomwe ija ndinakuuzani kuti musunge. Mu ufa wa makaka oyanikidwa pa dzuwa, enzyme sanafe. Wangogona cifukwa ca kuuma. Mukathira ufawo m'madzi owira, enzyme afa pomwepo, ndipo linamarin, amene saonongeka ndi kuphika, alowa m'mimba ali wamphumphu. Koma mukayamba mwaunyowetsa ndi madzi ozizira, enzyme adzuka natsiriza nchito imene anaisiya, ndipo ciphe ciuluka ufa usanafike pa moto.

Tsono amai, mverani bwino kacitidwe kace. Thirani ufa m'beseni, muusalaze, ndi kulemba cizindikiro m'kati mwa beseni pamene ufa walekezera. Thirani madzi oyera pang'onopang'ono mukusanganiza. Poyamba ufa utsika, koma pambuyo pace ukweranso. Lekani kuthira pamene wafikanso pa cizindikiro cija. Ufa ukhale wonyowa ponse, wopanda mibulu youma, koma usakhale phala. Uyaleni pa licero kapena pa mphasa yoyera mopyapyala, kucindikala kwace kusapitirire utali wa cikhadabo ca cala canu, ndiyo sentimita imodzi, kuti mpweya woipa upeze potulukira. Usiyeni maora 5 pa mthunzi, kapena maora 2 pa dzuwa. Kenaka wiritsani madzi ndi kuphika nsima monga mwa masiku onse, tsiku lomwelo. Njira imeneyi icepetsa ciphe katatu kufikira kasanu ndi kamodzi, ndipo kuwawa kwa nsima kucoka.

Njira iri yonse iri ndi malire ace. Iyi igwira bwino pa ufa umene enzyme wace akali wamoyo ndiponso umene suli wowawasa, pakuti m'zowawasa ciphe sicimasuka msanga. Siilowa m'malo mwa kuviika; amene ali ndi madzi apitirize kuviika masiku okwanira. Kunyowetsa ndi cishango caciwiri, cothandiza makamaka pa ufa umene simudziwa umo unakonzedwera.

KUCOKERA PA PEPALA KUNKA KUMUDZI

Cinthu cikhoza kutheka m'nyumba ya akatswiri ku Canberra, koma nkukanika pa khomo la mai wa kumudzi. Cotero njirayi inayamba yayesedwa ndi amai a ku Mozambique, amene anaiona kuti ndi yosabvuta. Muyeso waukulu unacitika ku Congo kuyambira m'caka ca 2010, motsogozedwa ndi Dr. Jean-Pierre Banea wa m'bungwe la boma loona za kadyedwe m'dzikolo. Anasankha mudzi wa Kay Kalenge, m'dera la Popokabaka, m'mene munali anthu 34 opuwala ndi konzo. Anayamba kuphunzitsa amai ocepa aulemu wao, ndipo iwowa anaphunzitsa anzao khomo ndi khomo. Anchito a zaumoyo anali kubwera kudzayesa ufa ndi mkodzo wa ana ndi timabokosi tija. Ciphe mu ufa cinatsika, thiocyanate mu mkodzo wa ana anatsika, ndipo m'nthawi yonse ya muyesowo sanapezeke munthu wina watsopano wogwidwa ndi konzo. Nchitoyo inafalikira kufikira midzi 13 ya anthu pafupifupi 10,000.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Katswiri wa chemistry anapeza njira, koma amene anaifikitsa pa mphika ndi madotolo ndi anamwino a ku Africa konkuno, pamodzi ndi amai amene anabvomera kusintha kaphikidwe kao, nauza anzao kuti cimene cipuwalitsa ana ciri mu ufa, osati kwa mnansi.

ULEMU WA MUNTHU WOPHUNZIRA

M'caka ca 2007 dziko la Australia linampatsa Dr. Bradbury ulemu wochedwa Member of the Order of Australia. Caka comweco bungwe la mainjiniya a chemistry la ku Britain linampatsa mphotho yoperekedwa cifukwa ca nchito yothandiza anthu amene akhalira ndalama zosaposa madola 2 pa tsiku. Anapitiriza kufufuza ndi kusindikiza kufikira caka cimene anamwalira, ali ndi zaka 89.

Wina anganene kuti, "Kuthira madzi mu ufa, kodi zimenezo zifuna digiri?" Taganizani bwino. Anthu akhala alikudya cinangwa mu Africa zaka zoposa 400, ali ndi madzi ndi malicero pakhomo. Cimene cinasowa ndi munthu wodziwa kuti enzyme agona pouma osafa, kuti afa m'madzi owira, kuti mpweya wa cyanide ufuna ufa woyalidwa mopyapyala kuti utuluke, ndiponso wokhoza kuyesa ndi kuwerenga kuti maora 5 akwanira koma ora limodzi silikwanira. Zaka zimene anatha pa ubweya wa nkhosa ndi pa makina a maginito, zimene munthu wamba akadaziyesa zopanda pace, ndizo zinamphunzitsa khalidwe la mapuloteni. Cotero mwana wanu akamaphunzira zinthu zimene simuona nchito yace lero, musafulumire kunena kuti ndalama za sukulu zirikutayika. Koma mumkumbutsenso kuti maphunziro apsa pamene afika pa mbale ya munthu wanjala.

Ndisanatsirize, nazi zoti mutenge inu a m'tauni, amene mugula ufa ndi makaka pa msika osadziwa kumene zacokera. Cinangwa ndi cakudya cabwino, musacitaye. Cingofuna kukonzedwa bwino. Musadye caciwisi cimene cirikuwawa, ndipo musapatse ana. Ufa ukamawawa pa lilime, kapena mukaukayikira, unyowetseni monga ndafotokozera. Masamba ace, amene ena ati cigwada ndi ena katapa, ali ndi puloteni yambiri, koma ali ndi ciphe coposa ca m'mizu. Asinjeni bwino ndi kuwaphika mokwanira pa mphika wosabvundikira. Yesetsani kuti pa nsima ya cinangwa pakhale kapenta, nyemba kapena nsinjiro. Munthu akayamba kusanza ndi kumva cizungulire atadya cinangwa, kapena mwana akadzuka miyendo iri youma, thamangani naye ku cipatala, ndipo banja lonse lileke kudya ufa umenewo. Polembera makalata abale anu kumudzi, makamaka m'caka ca cilala, auzeniko za beseni, cizindikiro ndi licero.